Zilombo za mufilimu zitafika ku Limbe

Loweruka lapitali mwana wanga anasowa. 

Ndinali kuchapa kuseri kwa nyumba kwathu ku Nancholi, Tadala akusewera ndi anzake pabwalo. Ndi kamtsikana ka sitandade wani. Popita kukayanika zovala ndinapeza pabwalo pali zii. Ndinaitana, ayi ndithu. Ndinathamangira kumjigo, kwa aneba, kumtsinje, ndinasuzumira ngakhale m'chimbudzi. Mayi aliyense akudziwa zimene zimabwera m'mutu nthawi ngati imeneyo. Sindizilemba.

Mnzake wina ndiye anandiuza kuti onse analowa ku vidiyo, kenaka Tadala anatuluka akulira n'kuthamangira kumsewu.

Ndinamupeza pa siteji ya minibasi, mayi wina wogulitsa tomato atamugwira dzanja. Mayiwo anati mwanayo anakwera minibasi yekha, kondakitala n'kumutsitsa kudzamusiya kwa iwo. Ndinafuna kumumenya, koma ndinangopezeka ndamukumbatira.

"Amayi, tiyeni ku Limbe tikawatenge adadi," anatero akusisima. "Zilombo zafika kumeneko."

Filimu yake inali ya zilombo ziwiri. China chachitsulo chochokera ku nyenyezi, china cha miyendo yambirimbiri chotuluka pansi pa nthaka. Akuti chilichonse chili ndi mafilimu akeake, ndiye eni ake aziphatikiza kuti zimenyane, tione champhamvu. Ana a m'dera lathu akhala akukangana za zimenezi ngati za mpira.

Koma inu mukudziwa mmene anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa amachitira. Samangomasulira, amathiramo mchere. Chilombo chikagwetsa nyumba ya kutsidya kwa nyanja, iwo amati chagwetsa holoselo ya ku Limbe. Anthu akamathawa, amati taonani mavenda asiya kaunjika pamsewu. Akuluakulu timaseka. Tadala anangomva Limbe, ndipo akudziwa kuti bambo ake amanyamula matumba m'maholoselo a komweko.

Mwana walakwa chiyani pamenepo? Anamva m'chilankhulo chake, malo ake akuwadziwa.

Ndinapita ku vidiyoko mawu ali tho m'kamwa. Mwini wake ndi bambo wachinyamata, nayenso ali ndi khanda kunyumba. Nditamufotokozera anazimitsa sipika n'kugwira pakamwa. Anati iye amagula filimu yomasuliridwa kale, ndipo yopanda mchere woterewo anthu salowa. Anapepesa mpaka ukali wanga unasowa pogwira.

Ndipo kunena zoona, ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Popanda anyamata amenewa ndikanamva filimu iti? Sindikuti atseke, ayi. Nawonso akusakira ana awo.

Changa n'chimodzi, pakhomo paja. Mwana wolekeza m'chiuno akulowa mumdima muja kukaona mitu ikuduka, woima pakhomo osafunsa kuti ndiwe wa kwa yani. Akutuluka akulira, abambo athunthu ali pa benchi maso ali pa kanema, palibe wotembenuka. Kondakitala, yemwe timamunena tsiku ndi tsiku kuti ndi wamwano, ndiye anaona kuti mwana uyu ali yekha. Tinkati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kodi mwambi umenewu watsala ndi makondakitala ndi amayi a tomato okha?

Madzulo bambo ake atafika, ufa uli mbuu m'mutu, Tadala anawayendera thupi lonse. Anawagwira zala, anakweza malaya kuona msana. Iwo anadabwa, ine ndinawatsinzinira kuti angokhala chete. Atakhutira anafunsa kumene zilombo zija zapita.

"Zatopa, mwananga," anatero. "Zakwera sitima zabwerera kwawo."

Tadala anagwedeza mutu, koma sanakhulupirire. Lolemba m'mawa anawakakamira thalauza pakhomo. Mpaka lero bambo akewo, munthu wamkulu, akupita kuntchito mozemba, kudzera kuseri kwa bafa, nsapato m'manja.

Inu amene munakhala mu vidiyo muja mpaka kumapeto, mukudziwa chilombo chimene chinapambana. Nanga kamtsikana kamene kanakudutsani pamiyendo kakulira, munakaona?