Ba Neba

Atate atadwala sitiroko, mawu anawathawa. Mkono wamanja unabwerera pang'onopang'ono, mwendo nawonso, koma pakamwa pankangotuluka "ee" ndi "ayi". Munthu wolongolola uja, amene anakama ng'ombe ku Palabana mpaka kupuma pantchito, tsopano ankangokhala pakhonde kwathu ku Kanakantapa n'kumaloza zinthu ndi chala.

Kuchipatala anatiuza kuti tiziwaonetsa zithunzi, tizitchula dzina la chinthu, iwo azibwereza. Zinakanika tsiku loyamba lomwe. Ndikati "kapu", iwo ankatembenukira kukhoma. Ndani angafune kuphunzitsidwa kulankhula ndi mwana amene anam'phunzitsa yekha? Amayi akayesa, ndiye zinkaipiratu.

Amayiwo ndi amene ankandidetsa nkhawa kwambiri. Chichokereni kuchipatala, atate anali asanawaitanepo n'kamodzi komwe. Tsiku lina tikuthyola tomato anandifunsa motsitsa mawu, "Iwe, uona monga baniziba? Olo baganiza nine chabe muzimai wamene abweretsa vakudya?" Zinandipweteka kumva kuti akukayika ngati atate akuwadziwabe.

Kenako ndinakumbukira pulogalamu ya pafoni imene ndinkaphunzirira Chifalansa ku koleji. Imakhala ndi makadi a zithunzi, ukadina khadi foni imawerenga mawu amene unalemba pansi pake. Ndinati foni si mwana wa munthu, atate sangaichitire manyazi. Ndinajambula kapu, khasu, njinga, nkhuku, ng'ombe, chilichonse cha pakhomo.

Vuto linali liwu lowerenga. Lachinyanja munalibe. Lachingerezi linatchula "njinga" ngati munthu wotsamwidwa ndi mbatata. Ndinasankha lachiswahili, la mayi wina waulemu wake, n'kuchepetsa liwiro kuti azilankhula modekha. Netiweki kwathu imagwira pachulu cha kuseri kwa khola basi, choncho ndinkaima pamenepo foni ili m'mwamba kudikira kuti mawu alowe, odutsa pa njinga akundiyang'ana ngati ndazungulira mutu.

Mayi wa m'foniyo "ng'ombe" ankaitchula bwino ndithu. Pa "nkhuku" ankagwa nayo, ankati "nkuku". Ndinaphunzira kum'pusitsa polemba molakwitsa dala, kuwonjezera chilembo apa, kudula mawu apo, kuti amvekeko ngati wa kwathu. Koma atate anam'kondera kulakwitsa komweko. Ankam'pukusira mutu, kudinanso, n'kumutsonya. Mawu awo oyamba kubwerera anali "nkhuku", ndipo anawanena mokalipa, pom'konza mlendoyo. Ndinathawira kuseri kwa nyumba kukaseka kuti asandione.

Khadi limodzi lokha ankalidumpha. Linali ndi chithunzi cha amayi, pansi ndinalemba "mkazi wanga". Foni ikatchula, iwo ankayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, n'kupitirira osatsegula pakamwa. Amayi ankamva ali kukhitchini. Ndinkadziwa chifukwa mbale zinkasiya kulira.

Ndinalemba dzina lawo lenileni, zii. Ndinalemba "amake mwana", zii.

Yankho linandipeza m'minibasi ndikuchokera kogula mankhwala. Mayi wina anatulutsa mutu pawindo n'kupatsa moni mnzake pamsewu m'Chibemba, "Ba neba, muli shani?" Pomwepo ndinakumbukira. M'nyumba mwathu sindinamvepo atate akunena kuti "mkazi wanga". Ankati "ba neba". Awiriwa anadziwana nyumba zawo zili zoyandikana ku Palabana, ndipo atate ankapita kukapempha mchere tsiku ndi tsiku pomwe kwawo unali wodzaza chitini. Chiyambire pamenepo, atate akaitana "ba neba", amayi ankayankha kuti, "Mchere kulibe." Ife ana tinakula tikuzimva ngati phokoso la pakhomo chabe, sitinkaziwerengera kuti ndi dzina.

Nditafika ndinakwera pachulu n'kusintha khadi lija. Liwulo linawathamangitsa mawuwo, ndiye ndinalemba "baa neeba" kuti likoke ngati mmene ankakokera atate. Atate atadina, anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, misozi n'kutsika. Anangodina mobwerezabwereza mpaka batire linatha.

Tsiku lotsatira masana ine ndinkachapa pafupi ndi khonde, amayi akudutsa atasenza beseni la tomato.

"Ba... neba."

Liwu linali lolemera, lochedwa, koma linali la atate. Amayi anaima osacheuka. Ndinasiya kuchapa, kudikira yankho lakale lija.

Anatula beseni pansi, napukuta manja pachitenje pang'onopang'ono.

"Lelo mchere uliko, neba," anatero. "Tengani wonse."