Nkhumba Zanga ndi Nyimbo ya Shehe Idrisa

Ilídio, amene ku Domwe amamutcha Shehe Idrisa, ndi mwana wa malemu a Saidi Mkwanda, telala wachiyao wa ku Kalomwe, ndi Rufina, mwana wanga wachisamba. Naye ali ndi ake: Dércia, Swaleyi ndi kakhanda Zainabu, kamene kanatengera mphuno yanga. Ine ndine Olinda wa ku Lifidzi, Mkatolika wa m'kwaya, ndipo shehe ameneyu ndinalera ndine. Wotsutsa abwere.

A Saidi anatisiya, Ilídio atangoyamba shikola, ndiye kuti sukulu. Ali gone pamphasa anandigwira dzanja, nati, "Amayi, mwanayu aphunzire Kurani." Ndinavomera. Kenaka abale awo anabwera kudzachita sadaka, phwando lokumbukira womwalira. Mpunga, mbuzi, kuimba mpaka kusasa mawu. Pamene ankabalalika, makina osokera anali atagulitsidwa, Rufina atatsala ndi singano basi. Mwana anaona zonsezo ali chiimire pakhomo.

Amake atapita kukafuna ntchito ku Tete, ndinamutenga. M'mawa shikola, masana pakhonde pa Mwalimu Bwanali, nkhalamba yogulitsa usipa pamsika, imene inkaphunzitsa ana achisilamu ochepa omwe analipo. Chiarabu sindichidziwa, koma khutu la m'kwaya silinama. Iye akamaloweza, ine ndikusola nyemba, akangophotchola kayimbidwe ka dzulo ndinkati, "Bwereza!" Anatolanso kwa ine funso limene ndinkasautsa nalo akatekista athu: "Zalembedwa pati?"

Tsiku lina anabwera nkhope ili gwaa.

"Agogo, mphika wophikira nkhumba ine sindidyeramonso."

Nkhumba zanga! Zonenepa ngati zimenezo kunalibe ku Lifidzi konse. Ndinagulitsa zonse, khola n'kubzalamo kachewere. Koma ndinamufunsa monga timachezera ndi adzukulu: "Nanga amunanga, mudzandilipira chiyani?"

"Mukadzamwalira ndidzakuimbirani nyimbo yanu ya m'kwaya ija, ndili patsogolo pa bokosi."

A Edite oyandikana nawo analipo. Mboni ikadali moyo.

Atakula anapita ku Nampula kukapitiriza maphunziro, n'kubwerako ndi ndevu komanso mabuku olemera kuposa thumba la chimanga. Pamaliro ena ku Domwe, akuluakulu a mumzikiti atayamba kuuza wamasiye mbuzi zoti aphe, iye anaimirira mwaulemu. "Zalembedwa pati kuti wolira adyetse mudzi?" Lero kwa omutsatira, anansi ndiwo amaphikira ofedwa, palibe chogulitsidwa, ndipo maliro amanyamulidwa mwakachetechete, opanda nyimbo. Akuluakulu ena anakwera shapa, minibasi ya kuno, kudzadandaula kwa ine kuti mdzukulu wanga akuwononga mwambo. Ndinawapatsa mipando, ndinawapatsa madzi, n'kuwauza kuti funsolo ndi langa, mlandu azenge ine. Sanabwerenso.

Koma kachetechete ameneyu wadzandikhudza ine mwini. Mwezi wathawu shehe wangayu anabwera ndi ana ake kudzandizonda, bondo litandivuta.

"Amunanga, nyimbo yanga ija mukuikumbukira?"

Anakanda ndevu. "Agogo, manda ndidzakumba ndekha. Bokosi ndidzanyamula. Koma ndaletsa anthu kuimba pamaliro, ndiye andione ine ndikutsogolera kwaya?"

"Nanga nkhumba zanga zinafera chiyani?"

"Ndikuguliranitu mbuzi."

"Mbuzi siimba."

Dércia anaseka mpaka kutaya tiyi. Ine ndinati, "Chabwino, ndiimbireni pompano ndikadamva. Zalembedwa pati kuti mdzukulu asaimbire agogo ake amoyo?"

Anayang'ana kudenga, anayang'ana ana, milomo ikugwedera ndi phwete. "Ndikaona kaye m'mabuku."

Mpaka lero akuonabe. Ndamutumizira mawu kuti asafulumire, ine sindichoka ndisanalandire changa. Bondo nalo layamba kupeza bwino.