Nkhwani wa mu bini ya Mayi Doreen

Moni nonse. Imvani zomwe zandichitikira lero kuno kunja, mumzinda wa Hull.

Kwayamba kuzizira, ndiye nditaweruka ndinatereka mafupa a ng'ombe ndi nyemba kuti timwe msuzi wotentha. Posuzumira pawindo ndinaona Mayi Doreen, aneba athu achizungu, akukolola maungu kuseri kwawo. Nkhwani wonse amauponya mu bini! Mtima unandiwawa. Ndinakapempha, n'kusankha nsonga zanthete, n'kuzitendera ndi chiponde.

Tisanayambe n'komwe kudya, tinamva kugogoda. Anali iwo, atanyamula chijumbo cha zitini za supu, buledi, mpaka sopo, misozi ili lengelenge. Akuti tisamachite manyazi, tikanawauza kale kuti zatithina mpaka kumadya masamba otaya.

Ndinangoti zikomo. Mwana wanga Chisomo anaseka mpaka kutsamwa, koma bambo ake akwiya. Akuti ndawayalutsa msewu wonse, ndikabweze katunduyo mawa.

Ine ndimaganiza zowapititsira Mayi Doreen kambale ka nkhwaniwo kuti alawe, adziwe kuti si njala. Koma achemwali, tandiuzani: akakaukonda, chaka chamawa ine ndikautola mu bini ya ndani?