Desiki ya Kumbuyo

Kusukulu kwathu ku Kamitondo, malo okhala m'kalasi ankatengera mayeso: okhoza kutsogolo, olephera kumbuyo. Ine ndinabadwa ndi maso osaona patali. Za pabolodi sindinkatha kuwerenga, ndiye ndinkalephera, iwo n'kumandikankhira kumbuyo kumene sindinkaona chilichonse.

Amayi anasiya tomato wawo pamsika n'kupita kukagwadira aphunzitsi.

"Chonde aphunzitsi, mwanayu mukhazikeni kutsogolo, saona bwino."

"Mayi, kutsogolo n'kwa olimbikira. Akhoze kaye."

Ndikanakhoza bwanji zinthu zimene sindinkaziona? Desiki chabe, yosalira ngakhale ndalama, anandimana! Teremu yotsatira ndinafika kukhoma kwenikweni, pamodzi ndi matsache. Kumbuyo kutatha, ndinangotuluka osabwereranso. Mpaka lero aphunzitsiwo amauza anthu kuti ndinasiya sukulu chifukwa cha ulesi.