Makiyi a Shopu ya Mbewu ku Biriwiri

Mayi Zelesi Fabiano, amene tonse ku Biriwiri timawatcha a Nangozo, anayendetsa shopu ya mbewu ndi feteleza kwa zaka zisanu ndi zinayi. Shopuyo inali ya kampani ina ya ku Lilongwe, koma makiyi ankakhala m'chiuno mwawo, atawamangirira pamfundo ya chitenje. Kwathu kunali kutsidya kwa msewu, ndipo chimalizireni Folomu 4 ndinkawaona tsiku lililonse ndili pakhonde.

Bambo akalowa kudzafuna mbewu ya chimanga, a Nangozo ankayamba ndi funso: "Kunyumba mwagwirizana?" Akachita chibwibwi, ankamubweza. "Kafunseni kaye eni munda. Matumbawa sathawa."

Kuno amuna ambiri ndi akamwini. Amakhala kwawo kwa mkazi, ndipo munda ndi wa mkaziyo, anaulandira kwa mayi ake. Lachitatu masana a Nangozo ankatseka shopu n'kuyenda m'minda ndi m'madimba, kucheza ndi azimayi. Ankadziwa amene amafuna chimanga cholimba chokonola mumtondo, ndi amene kabichi wake amawola chifukwa cha chinyontho. Mvula isanagwe, shopu inkakhala itatsala mashelefu okhaokha.

Mu 2008 kampani inatumiza bwana watsopano woyang'anira mashopu a m'boma lonse, bambo Maynard. Anafika Lachitatu masana, napeza loko pachitseko. Anakawapeza a Nangozo ali kudimba, matope mpaka m'mawondo.

Patatha milungu iwiri bwanayo anaitanitsa alimi ku chionetsero cha mbewu kuseri kwa shopu. Amuna anawakhazika pamabenchi n'kuwagawira zipewa za kampani. Ife akazi tinakhala pansi cham'mbali, ndipo palibe anatifunsa kanthu. Pomaliza bambo Maynard anaimiritsa bambo wina wovala taye amene anabwera naye.

"Awa ndi a Hilary. Kuyambira lero shopu ili m'manja mwawo. Ulimi wamakono umafuna mwamuna wolankhula ndi amuna anzake. Mayi Fabiano azisanja matumba kuseri."

Kenako anatambasula dzanja. "Makiyi, mayi."

Ndinkaganiza kuti adikira anthu abalalike, koma dzanja linakhalabe chitambasulire. A Nangozo anaimirira, natembenukira kukhoma, n'kumasula chitenje chawo pamaso pa akamwini onse aja kuti achotse makiyiwo. Amuna ena anaweramitsa mitu. Mayi anga anandigwira mkono mwamphamvu mpaka zikhadabo zinandilowa.

Malamulo atsopano anawamata pachitseko: shopu isatsekedwe masana, wogula asabwezedwe, ndipo wogulitsa azilankhula ndi mutu wa banja. Masiku oyamba katundu anayenda ndithu. Amuna a zipewa aja ankatuluka ndi matumba panjinga, a Hilary akuwaperekeza ndi nthabwala.

Sabata yachitatu matumbawo anayamba kubwerera. Woyamba anali a Jasper, mkamwini wa kumtunda kwathu.

"Achimwene, landirani katundu wanu. Akuti chimanga ichi n'chofewa, chimafumbwa m'nkhokwe."

"Akutero ndani?" anafunsa a Hilary.

"Mukufunsa ngati simunakwatire. Eni munda."

"Nanga inu si bambo wa pakhomo?"

"Ndine bambo ndithu, koma pakhomo pa eni. Chipewachi chokha mundisiyire. Thumbali ndikalowa nalonso, ndikagona ndi mbuzi."

Amene anali pamzere anaseka, koma aliyense anali ndi thumba lake pakaliyala. Pofika Novembala matumba obwezedwa anadzaza khonde, ndipo azimayi ankakwera minibasi kukagula mbewu ku Lizulu.

Tsiku limene bambo Maynard anabweranso, ine ndinali m'shopumo kugula mbewu ya tomato. Nditaona galimoto, mtima unakhala pansi. Ndinati lero a Nangozo awabwezera makiyi awo, popeza zonse zinali poyera. Bwanayo anawaitana kuchokera kuseri, atatuwa ndi fumbi la feteleza.

"Mayi, ndaganiza bwino. Muyambirenso kuyenda m'madimba muja. Koma m'mawa muzipempha chilolezo kwa a Hilary, ndipo pobwera muziwafotokozera zonse zimene azimayiwo anena."

"Nanga makiyi, bwana?"

"Akhala komwe ali. Kulikulu ndinalemba kale kuti mzimayi analephera. Sindingakasinthe mawu."

Anayankhula zimenezi mosabisa, ngati akunena za nyengo. Paketi ya mbewu inandigwa m'manja. A Hilary ankayang'ana sikelo.

A Nangozo anafunsa kuti, "Ndiye makiyi akhale kwa mwamuna, miyendo ikhale yanga?"

"Musatero, mayi. Ntchito ikusowa masiku ano."

"Ikusowadi," anatero. Anavula epuloni ya kampani, naipinda bwinobwino monga ankachitira madzulo aliwonse, n'kuiika pasikelo. Potuluka anatola paketi yanga ija n'kundipatsa. "Iyi usafese pachinyontho, mwanawe. Kauze mayi ako."

Shopu inatsekedwa chaka chotsatira. A Hilary asanachoke anatiuza kuti bambo Maynard anakwezedwa pantchito, ndipo analemba kuti alimi a ku Biriwiri safuna zamakono.

A Nangozo tsopano amagulitsa mbande za kabichi ndi mbewu ya kachewere pansi pa mtengo wa pichesi, m'mbali mwa msewu. Alibe chitseko choti n'kukiya. Dzulo ndinawaona akubweza a Jasper kuti akafunse kaye eni munda, a Jasperwo amene anafika ndi dengu lopanda kanthu, chipewa cha kampani chija chitasuluka pamutu.