Kaligo wa a Makina

A Makina a ku Kaduya anali mmisiri wa zoimbira, komanso munthu wa liuma. Kwa iwo zoimbira zinali ndi mafuko ngati anthu. Ankati pali zobadwa ku bango monga chitoliro, zobadwa ku zipatso monga maseche, ndi zobadwa ku magazi, zija zimalira chifukwa nyama idasendedwa. Ng'oma ankaziika kumeneko. Kaligo amene bambo awo adabwera naye kuchokera kwawo kwa Alomwe ku Manguru nayenso ankamuika komweko, poti kachibekete kake kanali kokutidwa ndi chikopa cha ng'anzi.

"Nsambo imangonena, cholira n'chikopa," ankatero, ndipo wotsutsa ankachoka makutu atatopa.

Njala ya 1949 itatha, akazi awo a Eveles adayamba kudwaladwala. Pempho lawo linali limodzi, lakuti amuna awo abatizidwe, adzakhale nawo pa mgonero iwo asanatsikire kulichete. A Makina adalowa kalasi ya ubatizo. Koma akulu a mpingo adalamula kuti zoimbira zonse zachikopa zitenthedwe kaye, chifukwa n'zimene zimaitana mizimu ku gule wa tchopa.

Amene adabwera kudzasankha anali a Hector, mkulu wa mpingo, mnzawo wa paubwana. Ng'oma zitatu adaziika pamulu. Atafika pa kaligo adayang'ana kumbali.

"Uyu ndi wansambo, m'bale wake wa gitala. Kamubwezeni m'nyumba, achimwene."

Apa munthu wanzeru akadangothokoza. Koma pabwalo panali anthu amene adamva chiphunzitso chija zaka ndi zaka, ndipo a Makina sakadalola kuoneka otembenuza lilime.

"Gitala wa chiyani? Tayang'anani apa, si ng'anzi iyi? Ameneyu ndi mwana wa ng'oma."

A Hector adawadandaulira chamumtima ndi maso, koma mawu anali atatuluka kale. Kaligo adapita pamulu. Chowawa n'chakuti palibe amene adawalanda, adamupereka okha.

Adabatizidwa, ndipo a Eveles adadya nawo mgonero kawiri. A Eveles atamwalira, a Makina adasema akaligo ena, osakuta chikopa, koma ankangolira ngati udzudzu, ndiye adaleka. Nyimbo za Chilomwe za bambo awo sadaziimbenso. Za mafuko a zoimbira sadaphunzitsenso munthu. M'tchalitchi ankakhala kumbuyo, nyimbo ikayamba zala za kumanzere n'kumayenda zokha pabondo, kufunafuna nsambo.