Ndodo ya Manzere ya Che Sidik

Mukafika pa Nsanama n'kufunsa za Sidik wa kabaza, anthu akuyankhani kuti, "Mukunena Kaputeni?" Ndi yemweyo, mwana wa azakhali anga. Ine Ramla ndili ndi ufulu womunena, chifukwa chipongwe cha msuweni sichipita ku bwalo, ndiponso tsiku limene anagwa chagada ndinalipo.

Masewera a hoke anafika pa sekondale yathu yoyendera tonse tili Fomu 1. Bungwe lina linabwera pa galimoto yoyera, kusiya ndodo khumi ndi ziwiri ndi mipira itatu, kujambula zithunzi, basi ulendo. Ahedi anatsekera ndodozo mu kabati, ati ana a kuno ndi owononga, alendo akadzabweranso adzapeze katundu ali bwinobwino. Anatulutsa mipira yokha. Aphunzitsi a zamasewero, a Ganizani, amene hoke anangoionerapo pa foni, anajambula ndodo yokhota pa bolodi n'kunena kuti aliyense akapeze yake.

Ntchito inagwera bambo anga, amene amasema mipini ya makasu pamsika. Tsono Sidik ndi wamanzere. Kudya kokha ndiye anam'kwapula mpaka anaphunzira dzanja lamanja, zina zonse amagwira ndi lamanzere. Ababa, pomukonda mwana wa mlongo wawo, anam'semera ndodo yakeyake. Mbali yophwatalala yomenyera mpira anaitembenuzira kwina, monga achitira ndi chikwakwa cha munthu wamanzere. A Ganizani anaiona, anagwedeza mutu ngati katswiri, n'kuiyamikira.

Kunena chilungamo, mnyamatayo ankatha. Anali ndi liwiro, maso akuthwa, ndipo mpira ankaudutsitsa mbali imene anzake sankayembekezera. Koma ankagoletsa ndani? Dera lonse panalibe sukulu ina ya hoke, ndiye Fomu 1 inkamenyana ndi Fomu 2, pabwalo la mabampu, mbuzi zikuonerera. Zaka zinayi osagonja! Mutu unakula. Anayamba kuyenda ndi ndodoyo paliponse, kumsika, ku maliro, ngakhale ku mzikiti ankaisiya pamodzi ndi nsapato. Mabuku anawapatsa tchuthi. Ife a msinkhu wake anatilamula kuti tizimutchula Che Sidik, ndipo ine anandilonjeza kuti ndidzamuonera pa kanema, bola ndiyambiretu kumulemekeza.

Tili Fomu 4 kunabwera kalata. Akuluakulu a hoke ochokera ku Blantyre adzakhala ku Balaka Loweruka kusankha anyamata osapitirira zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo osankhidwa akawapezera malo a sukulu mumzindamo. Kwa Sidik khomo linali lomwelo basi, chifukwa za mayeso tonse tinkadziwa kuti kulibe chake. Ababa anasiya mipini sabata yathunthu, kusema ndodo yatsopano, kuipala ndi galasi losweka, kuipaka mafuta mpaka kunyezimira. Ine ndinatsagana ndi Sidik ndi a Ganizani kukachemerera, ngakhale mumtima ndinkangofuna kukaona Balaka.

Pabwalopo tinapeza mayi wa wezulo pakhosi, a Maness, amene ankayesa anyamatawo. Anatenga ndodo ya Sidik, kuitembenuza uku ndi uku, kuitana mnzawo, onse awiri n'kugwira pakamwa. Kenaka anamuuza mofatsa kuti hoke ilibe ndodo ya manzere, wamanzere ndi wamanja onse amagwira ya mtundu umodzi, ndipo mpira umamenyedwa ndi mbali yophwatalala yokha. Anam'patsa ndodo yeniyeni, yofanana ndi zija zinkagona mu kabati ya ahedi. Ndinatembenuka kuti ndione nkhope ya a Ganizani, koma anali atapita kukagula mayunitsi, ndipo anabwerako zonse zitatha.

Abale, zimene ndinaona! Manja a Sidik ankapita kumene anazolowera, ndodo n'kumenya mpira ndi kumbuyo. Wezulo. Ayesenso, wezulo. Tiana ta Fomu 1 ta m'tauni tinkam'landa mpira ngati tikutola mango. Munthu wina kunja kwa bwalo anakuwa kuti mkuluyo am'patse khasu akalime. Ndinaseka, Mulungu andikhululukire, koma nditaona Sidik akupukuta m'maso ndi malaya, chifundo chinandigwira.

A Maness anamuitanira pambali. Anati miyendo ali nayo, maso ali nawo, akaphunzire ndodo yoyenera chaka chimodzi adzabwerenso. Koma kwa Sidik zimenezo zinali zosatheka. Chaka chotsatiracho akanakhala atapitirira zaka, ngakhale pa zaka za papepala zimene zinali zodulidwa kale.

Tinakwera minibasi, kudutsa Liwonde, mpaka Nsanama. Pa siteji tinapeza ababa atavala mkanjo wawo wa Lachisanu, anzawo a pamsika atawazungulira. Sanadikire n'komwe kuti titsike bwino.

"Ndodo yanga aiona a ku Blantyre? Ati bwanji?"

Ndinatsegula pakamwa, Sidik n'kundiponda phazi.

"Aiyamikira, amalume. Ati ndodo ilibe vuto. Ine ndi amene ndinachita mantha."

Ababa anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, analavulira pansi, n'kunena pamaso pa anthu onse kuti anataya sabata kusemera ndodo munthu wamantha.

Papita zaka zisanu ndi ziwiri. Mpaka lero Sidik akamadutsa pamsika atanyamula munthu pa kabaza, ababa amaimitsa kasemasema n'kuuza ogula mipini kuti uyo akupita apoyo akanakhala kutali, koma mtima wa nkhuku. Sidik amawapatsa moni mwaulemu n'kupalasa. Ine ndimamunyoza pa chilichonse, mpaka kayendedwe, koma ababa akayamba zimenezo ndimanyamuka n'kuchokapo.